Box Office Mojo: kope la ndalama za pageti la mafilimu a dziko lonse

Ine ndinakulira mu vidiyo sho. Amalume anga anali ndi kachipinda ka zidina ku Ndirande, chakumtunda kwa msika, ndipo kuyambira ndili Sitandade 6 ntchito yanga ya Loweruka inali kukhala pakhomo ndi kope komanso kambale ka pulasitiki, kulandira ndalama n'kumalemba. Filimu iliyonse inali ndi mzere wake: dzina, tsiku, anthu amene alowa, ndalama zimene zalowa. Usiku tikazimitsa deki, amalume ankatenga kopelo n'kumatsetsereka nalo ndi chala, ndipo ndi mmenemo mmene ankadziwira tepi yoti akabweze mawa ndi tepi yoti igonenso sabata ina. Lero ndadutsa zaka 40, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa zitsulo ku Johannesburg, ndipo tsamba la pa intaneti limene ndimatsegula kawirikawiri kuposa la mpira ndi Box Office Mojo. Ndi kope la amalume lomwe lija, kungoti ili ndi la dziko lonse.

Chandichititsa kulemba ndi mkangano umene unabuka kunyumba kwanga pa Khirisimasi. Titamaliza kudya, alamu anga, achimwene a mayi a kunyumba, ananena motsindika kuti, "Alamu, filimu imene inapha makwacha kuposa ina iliyonse ndi Titanic basi, zinazi n'zoseweretsa ana." Mwana wa achemwali anga, amene ali ku koleji, anayankha mwaulemu koma osagonja: "Ayi ankolo, zimenezo n'zakale, panopa ndi Avengers: Endgame." Ndinatulutsa foni, tinatsegula tsambali, ndipo m'mphindi zochepa tinapeza kuti aliyense wa iwo anali kunena zoona za nthawi yake. Titanic inakhala pamwamba kuyambira 1998 mpaka kumayambiriro kwa 2010. Endgame inakhalapo kuyambira July 2019 mpaka March 2021. Koma pampando lero pali Avatar. Macheza amene akanatha ndi kukwiyitsana anasanduka ola lathunthu la anthu asanu ataunjirira foni imodzi.

Tsambali analiyambitsa ndi Brandon Gray wa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2008 linagulidwa ndi IMDb, tsamba lina la mbiri za mafilimu, lomwe mwini wake ndi kampani ya Amazon. Mu October 2019 analisintha maonekedwe, ndipo zinthu zina zozama anaziika kumbali yolipira ya IMDbPro, zomwe zinadandaulitsa ambiri amene ankaligwiritsa ntchito kuyambira kale. Koma zimene munthu wamba ngati ine amafuna, monga mndandanda wa mafilimu opha ndalama kwambiri, ndalama za kumapeto kwa sabata iliyonse, ndi tsamba la filimu iliyonse payokha, zonsezi n'zaulere, ndipo sakufunsani kulembetsa dzina kapena imelo. Chimene ndimalikondera kwambiri n'chakuti ndi lopepuka. Mulibe mavidiyo oyamba okha kusewera n'kumakudyerani bandulo. Ndi mizere ya mayina ndi manambala, moti ngakhale netiweki ikhale yofooka limatseguka. Pa foni mizere ina imabisala chakumanja, ndiye ndi bwino kuigoneka foniyo cham'mbali.

Mndandanda umene tinkaufuna uli pansi pa mawu akuti All Time, kenako Top Lifetime Grosses, n'kusankha wa dziko lonse. Pamwamba pali Avatar ya 2009 ndi madola pafupifupi 2.92 biliyoni. Yachiwiri ndi Avengers: Endgame ya 2019, imene inatsala pang'ono kwambiri kukwana 2.8 biliyoni. Kenako Avatar: The Way of Water ya 2022 ndi madola oposa 2.3 biliyoni, ndiye Titanic ya 1997 ndi pafupifupi 2.26 biliyoni. Mafilimu ena amene anadutsa 2 biliyoni ndi Ne Zha 2 ya ku China, Star Wars: The Force Awakens ya 2015 ndi Avengers: Infinity War ya 2018. Asanu ndi awiri okha m'mbiri yonse ya sinema. Mukayang'anitsitsa mupeza zinthu zochititsa chidwi. Mwa anayi oyambawo, atatu anawatsogolera munthu mmodzi, James Cameron. Mayi mmodzi, Zoe Saldaña, anasewera mu anayi mwa asanu ndi awiriwo, ngakhale ambiri sangamuzindikire pamsewu chifukwa mu Avatar amakhala wa buluu ndipo mu Avengers amakhala wobiriwira. Ndipo chigulireni 21st Century Fox mu March 2019, kampani ya Disney ndiyo ili ndi dzanja pa ambiri mwa mafilimu amenewa.

Apa ndi pomwe ambiri amalekera kuwerenga, koma kukoma kwa tsambali kuli m'mizere ya chakumanja. Filimu iliyonse ndalama zake anazigawa pawiri, Domestic ndi Foreign, ndipo pambali pali peresenti. Mawu akuti Domestic amasokoneza munthu wobwera koyamba. Satanthauza kwanu kwa inu owerenga, amatanthauza United States ndi Canada basi, ndipo ena tonsefe, kuyambira ku Tokyo mpaka ku Cape Town, tili m'thumba limodzi la Foreign. Mukamvetsa zimenezi, mndandanda umayamba kulankhula. Avatar inapeza madola pafupifupi 785 miliyoni kwawoko, kutanthauza kuti magawo atatu mwa anayi a ndalama zake anachokera kunja. The Force Awakens ndi yosiyana: inapha madola 936 miliyoni ku America ndi Canada kokha, ndipo mpaka lero palibe filimu inaiposa kumeneko, koma kunja sinakoke anthu mofanana ndi Avatar. Nkhani ya Star Wars ndi chuma cha m'nyumba cha Amereka, anakula nayo kuyambira 1977. Nkhani ya Avatar, ya anthu amene alendo akufuna kuwalanda malo chifukwa cha miyala ya pansi pa nthaka, munthu wa kulikonse amaimva popanda womufotokozera.

Nkhani ya mmene Avatar ndi Endgame analandirana mpando ndi imene inandiphunzitsa kudina pa dzina la filimu, osangokhutira ndi chiwerengero chachikulu chija. Mukalowa mkati, tsambali limakuonetsani ulendo uliwonse umene filimuyo inaonetsedwa m'masinema payokhapayokha. Endgame inayamba ngati moto wolusa: madola 1.2 biliyoni m'masiku ochepa oyambirira, mwa iwo 357 miliyoni a ku America ndi Canada. Koma kuti ipitirire Avatar, imene panthawiyo inali pa 2.79 biliyoni, zinatenga pafupifupi miyezi itatu, ndipo eni ake anachita kuibwezanso m'masinema ataonjezera tizidutswa kumapeto. Inapambana ndi kagawo kochepa zedi. Kenako mu March 2021, masinema a ku China atatsegulidwanso pambuyo pa mliri wa Covid-19 ndipo mafilimu atsopano ali osowa, Avatar inaonetsedwanso kumeneko, n'kulandanso mpando m'masiku ochepa. Mu September 2022 inabwereranso m'masinema a mayiko ambiri pokonzekera filimu yachiwiri. Titanic nayo ndi chimodzimodzi. Paulendo woyamba inapeza madola 1.84 biliyoni, ndipo ndiyo inali filimu yoyamba kudutsa 1 biliyoni. Zotsalazo zinabwera pamene inatulukanso mu 3D mu 2012, patatha zaka 100 chimirireni sitimayo, komanso mu 2023. Amalume akanati tepi yabwino siikalamba, umangoyembekeza kuti ana ena akule.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndimafuna aliyense wotsegula tsambali achidziwe. Mndandanda umenewu umawerenga ndalama, suwerenga anthu. Ndipo ndalama ya 1997 si ndalama ya 2019. Ife a ku Malawi sitifunika mphunzitsi pa nkhani imeneyi. Amene tinaona K1,000 ikubwera mu 2012 ngati ndalama yaikulu, kenako K2,000, kenako K5,000 mu 2022, ndiponso kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, timadziwa kuti wamalonda amene wapeza K1 miliyoni lero sanagulitse katundu wochuluka kuposa amene anapeza K100,000 zaka 20 zapitazo. Dola imagwa pang'onopang'ono, koma imagwa ndithu. Ku America tikiti ya sinema inali pa madola 4.59 mu 1997, pa 7.50 mu 2009, ndi pa 9.16 mu 2019, potengera mtengo wapakatikati. Onjezani apo kuti Avatar ambiri anaionera mu 3D ndi IMAX (masinema a chinsalu chachikulu kwambiri), komwe tikiti ndi yokwera kuposa wamba. Zotsatira zake n'zakuti ku America anthu amene anagula tikiti ya Titanic ndi ochuluka kuposa amene anagula ya Avatar kapena ya Endgame. Nditawaonetsa alamu zimenezi anaimirira n'kugwirana chanza ndi aliyense m'chipindamo.

Box Office Mojo siibisa zimenezi, ndipo apa ndi pomwe ndimaipatsa ulemu. Ili ndi mndandanda wina wotchedwa Top Lifetime Adjusted Grosses, umene umayerekeza chiwerengero cha matikiti ogulitsidwa n'kuwachulukitsa ndi mtengo wa tikiti wa masiku ano. Mukautsegula mumakhala ngati mwalowa m'nyumba ina. Pamwamba pali Gone with the Wind ya 1939, ndi matikiti pafupifupi 200 miliyoni, m'dziko limene chaka chimenecho linali ndi anthu pafupifupi 131 miliyoni. Inde, inaonetsedwanso kambirimbiri, monga mu 1967, 1989 ndi 1998, ndipo nthawi imene inatuluka m'nyumba munalibe wailesi ya kanema, choncho wofuna kuona chithunzi choyenda ankayenera kupita ku sinema. Pambuyo pake pali Star Wars ya 1977, The Sound of Music ya 1965, E.T. ya 1982, ndiyeno Titanic, ndipo chapafupi pomwepo pali The Ten Commandments ya 1956, imene ambiri tinaionera ku tchalitchi kapena pa vidiyo nthawi ya Pasaka. Avatar ndi Endgame muzipeza mutatsika kupitirira pa nambala 10.

Gone with the Wind ndinachita kuifunafuna n'kuionera yonse, maola pafupifupi anayi, chifukwa cha mndandanda umenewu. Inandisiya ndi mtima wolemera. Ndi yopangidwa mwaluso, koma imaonetsa nthawi ya ukapolo kum'mwera kwa America ngati nthawi yokoma imene inatayika, ndipo akapolo amaoneka ngati okhutira ndi moyo wawo. Hattie McDaniel, amene anasewera ngati wantchito wa m'nyumba, anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar mu 1940, koma pa tsiku loionetsa koyamba ku Atlanta mu December 1939 sanaloledwe kukhalapo chifukwa cha malamulo a tsankho, ndipo pa mwambo wa mphothowo anamukhazika pa tebulo lapadera chakumbali. Zimenezi simuzipeza pa tsamba la manambala. Nambala wani pa mndandanda ikukuuzani kuti anthu ambiri analipira, sikukuuzani kuti filimuyo inanena zoona.

Chofooka chachikulu cha mndandanda wokonzedwawu n'chakuti ndi wa America ndi Canada okha. Wa dziko lonse umene umaganizira kukwera kwa mitengo mulibe. Monga munthu wowerengera ndalama ndimamvetsa chifukwa chake: kuti uchite zimenezo uyenera kudziwa mtengo wa tikiti m'dziko lililonse chaka chilichonse, ndi mphamvu ya ndalama ya dzikolo poyerekeza ndi dola pa sabata imene filimu inaonetsedwa, ndipo mabuku a zaka za m'ma 1940 a mayiko ambiri sangapezeke. Komabe owerenga ayenera kudziwa kuti ali ndi mindandanda iwiri imene siikumana: wina ndi wa dziko lonse koma wokondera mafilimu atsopano, wina ndi wachilungamo pa zaka koma wa dera limodzi. Ndikanakonda pamwamba pa mndandanda woyamba uja pakanakhala mzere umodzi wochenjeza zimenezi, chifukwa ndi umene anthu amaujambula n'kumatumizirana pa WhatsApp.

China chimene chimasokoneza anthu ndi kuganiza kuti ndalama zimenezi ndi phindu la opanga filimu. Ayi. Izi ndi ndalama za pageti. Amene amatsatira mpira wa kwathu akudziwa kuti Bullets ndi Wanderers zikakumana pa Kamuzu Stadium, chiwerengero chimene amalengeza si chimene matimu amapita nacho kwawo, chifukwa eni bwalo, oyendetsa ligi, achitetezo ndi ogulitsa matikiti onse amadya pomwepo. Ku sinema nakonso eni nyumba yoonetsera amatsala ndi pafupifupi theka, ndipo ku China kampani yakunja imalandira pafupifupi 25 peresenti yokha ya ndalama za matikiti. Pa zimene zatsalazo muchotsepo mpamba wopangira filimu ndi ndalama zotsatsira malonda, zomwe pa filimu yaikulu zimatha kudutsa madola 100 miliyoni. Titanic inadya madola 200 miliyoni poipanga, Avatar pafupifupi 237 miliyoni, Endgame yoposa 350 miliyoni. Izi zinabweza ndithu. Koma taonani John Carter ya 2012: pa tsambali ikuoneka ndi madola oposa 280 miliyoni, chiwerengero chimene munthu angaganize kuti n'chapamwamba, chonsecho Disney inalengeza kuti iluzapo pafupifupi 200 miliyoni. Pamene Paranormal Activity, imene inajambulidwa m'nyumba imodzi ndi madola pafupifupi 15,000, inabweretsa oposa 190 miliyoni. Pa mndandanda wa mafilimu opha ndalama ili kutali pansi, koma wamalonda aliyense wa mu Limbe angakuuzeni kuti geni yeniyeni ndi iti pa ziwirizi. Box Office Mojo imalemba mpamba pa mafilimu ena, pa ena ayi. Pa nkhani ya mpamba ndimakonda kuyerekeza ndi tsamba lina lotchedwa The Numbers, limene Bruce Nash anayambitsa mu 1997. Manambala a masamba awiriwa amasiyana pang'ono nthawi zina, koma kawirikawiri amagwirizana pa zazikulu.

Ne Zha 2 ndi filimu imene inandidzidzimutsa kwambiri pa zaka zonse zimene ndakhala ndikutsatira zimenezi. Ndi katuni ya ku China, yochokera mu nthano zawo zakale za mwana wobadwa ndi mphamvu zachilendo, ndipo inatuluka pa 29 January 2025, pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha kumeneko, pomwe mabanja amakhala pa tchuthi. Inapha madola oposa 2 biliyoni, pafupifupi onsewo m'dziko limodzi. Palibe filimu ya ku Hollywood inayamba yapezapo 1 biliyoni pa msika umodzi. Anzanga a kuntchito, amene amadziwa dzina la munthu aliyense wa mu Avengers, sanali atamvapo za filimu imeneyi. Pa tsambali, ndalama zimene inapeza kwawo ku China zimagwera pansi pa Foreign, ndipo apa mpamene mumaonera bwino kuti kope limeneli analilemba munthu atakhala pakhonde la ku Los Angeles. Mphamvu ya msika wa China imaonekanso mwanjira ina. Endgame inapeza madola oposa 600 miliyoni kumeneko. Spider-Man: No Way Home ya 2021 sinaonetsedwe ku China n'komwe, ndipo inathera pa 1.9 biliyoni, pakhomo penipeni pa gulu la 2 biliyoni lija. Dangal ya ku India, ya bambo wophunzitsa ana ake aakazi masewera ogwetsana, inapeza ndalama zambiri ku China kuposa kwawo.

Filimu imene ine ndinaikapo ndalama yanga ndipo ndimaiyang'ana pa mndandanda ngati mbale wanga ndi Black Panther. Ndinakaionera mu February 2018 ndi mayi a kunyumba, ku sinema ina kuno ku Johannesburg, ndipo sindinaonepo chinthu chotero. Anthu anabwera atavala zachikhalidwe, amayi atamanga maduku, ndipo John Kani, wosewera wa kuno ku South Africa, atayamba kulankhula Chixhosa mu filimumo holo yonse inaomba m'manja. Ine maso anga anali pa Connie Chiume, amene anasewera ngati mmodzi wa akuluakulu a ku Wakanda, dziko longopeka la mu filimuyo. Anabadwira ku South Africa, koma bambo ake anali ochokera ku Nkhata Bay. Anatisiya mu August 2024. Filimuyo inapeza madola pafupifupi 1.35 biliyoni, ndipo 700 miliyoni mwa iwo anachokera ku America ndi Canada, kuposa theka, zomwe sizichitika kawirikawiri pa mafilimu aakulu chonchi. Pa tsamba lake mukatsika pansi mupeza mayiko atandandalikidwa limodzilimodzi, ndipo South Africa ilipo ndi mzere wake. Ndinauyang'ana mzere umenewo kwa kanthawi, podziwa kuti matikiti athu awiri ali mmenemo. Chiwerengerocho n'chaching'ono kwambiri mukachiika pambali pa cha United Kingdom kapena South Korea, ngakhale kuno tinkaona ngati dziko lonse laima.

Ndiye pali zimene kope limeneli siliona n'komwe. The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, inajambulidwa ku Malawi, anthu akulankhula Chichewa, ndipo inatuluka pa Netflix pa 1 March 2019. Anthu a m'mayiko ambiri anaionera, moti kuntchito kwathu anthu ena anayamba kundifunsa za Malawi chifukwa cha iyo. Koma munthu woonera pa Netflix sagula tikiti, choncho pa mndandanda wa ndalama za pageti filimuyi ilibe mpando. Ku Nigeria, A Tribe Called Judah ya Funke Akindele inakhala filimu yoyamba ya Nollywood kudutsa 1 biliyoni ya ndalama zawo za naira m'masinema kumayambiriro kwa 2024, ndipo chinali chinthu chachikulu zedi kumeneko. Mukasintha kukhala madola zimangokwana pafupifupi 1 miliyoni, zomwe Endgame inkapeza m'mphindi zowerengeka pa sabata yake yoyamba. Chonsecho mafilimu a ku Nigeria ndi amene amayi athu, azakhali athu ndi ife tomwe takhala tikuonera madzulo aliwonse kwa zaka zoposa 20, pa madisiki, pa wailesi ya kanema ndi pa foni. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene achinyamata amathirirana pa memori kadi m'misika ya kwathu nawonso sawerengedwa paliponse. Sindikuliimba mlandu tsambali pa zimenezi, chifukwa ntchito yake ndi kuwerenga matikiti a sinema ndipo limaigwira bwino. Ndikungofuna kuti mwana wa ku Mchesi kapena ku Chipata akaona mndandandawu asaganize kuti maso ake ndi a anzake anawerengedwa.

Kwa amene akufuna kuyamba kulitsatira, tsiku labwino ndi Lamlungu madzulo pa nthawi ya kuno kwathu. Ndi pamene makampani a ku America amatulutsa ziwerengero zongoyerekeza za kumapeto kwa sabata, chifukwa amalengeza Lamlungu lisanathe. Zenizeni zimabwera Lolemba kwawoko, ndiye kuno mumazipeza bwino Lachiwiri m'mawa, ndipo nthawi zina mafilimu awiri oyandikana amasinthana malo. Chimene ndimayang'ana ine si sabata yoyamba koma yachiwiri ndi yachitatu, pa mzere woonetsa kuti ndalama zatsika ndi peresenti yanji. Sabata yoyamba imagulidwa ndi kutsatsa malonda. Yachiwiri imadalira zimene anthu auzana potuluka. Titanic sinayambe ndi phokoso lalikulu, koma inakhala pa nambala wani ku America masabata 15 otsatizana, chifukwa anthu ankabwerera kukaioneranso atatenga anzawo. Mafilimu awiri oyamba a Avatar anayendanso motero. Amalume ankayang'ana chinthu chomwechi m'kope lawo: tepi ikadzaza chipinda Loweruka lachitatu, ankaigula kuti ikhale yawo. Vuto lina kwa owerenga ena n'lakuti tsamba lonse lili m'Chingerezi, koma mawu ofunika ndi ochepa, ndipo mukadziwa Domestic, Foreign, Worldwide ndi Weekend, zotsalazo ndi manambala.

Alendo atabalalika usiku wa Khirisimasi uja, ndinatsala ndekha pabalaza n'kulemba dzina limodzi m'kabokosi kofufuzira. M'kope la amalume filimu imene inkadzaza chipinda kuposa ina iliyonse, chaka ndi chaka, sinali Titanic. Titanic inabwera pa matepi awiri, inali yaitali, ndipo anyamata ankayamba kutuluka sitima isanagunde chimwala cha madzi oundana chija. Mfumu ya m'kope lathu inali Commando ya 1985, ya Arnold Schwarzenegger. Tinaionetsa mpaka tepi inayamba kuonetsa mizere, amalume anagula ina, nayonso inatha. Ana ankalankhula mawu a filimuyo asanatuluke pakamwa pa mwini wake, ena ankakhala pansi kutsogolo kwa mabenchi, ena ankasuzumira pa ming'alu ya chitseko mpaka ndikawathamangitse. Box Office Mojo ikuti ku America ndi Canada filimuyi inapeza madola pafupifupi 35 miliyoni, ndipo pa mndandanda wa dziko lonse mungatsike masamba ambirimbiri osaipeza. Ndinajambula tsambalo n'kuwatumizira amalume, amene tsopano anabwerera kumudzi ku Thyolo ndipo amalima nthochi. M'mawa mwake anandiimbira foni. Anati kope lija likadalipo, lili m'sutikesi pansi pa bedi limodzi ndi makadi a ubatizo, ndipo ndikapita pa Pasaka tikaliwerenge limodzi.